Timipira m'machubu: kupanga masewerawa ndi kuwasewera pabanja

Pali masewera ena apatebulo oti mukangowayamba, agogo, mwana wa zaka 8 ndi bambo amene wafika atatopa ku ntchito, onse amaiwala pamene asiya foni. Amene ndikufuna tiphunzire pano ndi amtundu umenewo. Wosewera aliyense amakhala ndi machubu atatu ooneka mkati ndi timipira 6, tiwiritiwiri tofanana mtundu. Pakati pa tebulo pamavundukulidwa khadi losonyeza mmene timipirato tiyenera kusanjikizirana, ndipo onse nthawi imodzi amayamba kutsanula timipira kuchoka m'chubu china kupita m'china, osatikhudza ndi chala, osatigwetsa. Woyamba kufananitsa machubu ake ndi chithunzi cha pakhadi, khadilo ndi lake. Ulendo umodzi nthawi zambiri sutha ngakhale mphindi imodzi.

Ogulitsidwa m'bokosi amatchedwa Dr. Eureka. Anawapanga ndi Roberto Fraga, ndipo kampani ya Blue Orange inawatulutsa mu 2015. M'bokosimo mumakhala machubu 12, timipira 24 ndi makhadi 54, zokwanira anthu anayi. Dzinalo linachokera ku mawu a Chigiriki akuti eureka, kutanthauza kuti "ndapeza", amene nkhani yakale imati Archimedes, katswiri wa masamu wa mumzinda wa Syracuse, anafuula yankho litamufikira akusamba. Wosewera akamaliza amafuula mawu omwewo. Ngati bokosilo muli nalo, pitirirani mpaka pa gawo la malamulo. Ngati mulibe, madzulo amodzi ndi okwanira kupanga anuanu.

Ndinene chinthu chimodzi poyambirira pomwe, chifukwa malangizo onsewa akuzungulira pa icho. Oyamba kumene amaika mtima wonse pa liwiro la manja. Liwiro limathandiza ndithu, koma makhadi ambiri amapita kwa munthu amene masekondi atatu oyambirira amakhala manja ali phee, maso ali pakhadi.

Gawo loyamba: kupanga zipangizo

Yambani kupeza timipira musanafune machubu, popeza kukula kwa kampira ndi kumene kudzakuuzeni kukula kwa chubu. Timipira tagalasi timene ana amaseweretsa ndi tabwino, ndipo tambiri timakhala pafupifupi mamilimita 16 m'mimba mwake. Mikanda ikuluikulu yamtengo imagwiranso ntchito. Kwa ophunzira ine ndimaikonda kuposa galasi chifukwa sithamanga kwambiri. Mukufunika mitundu itatu. Pa anthu anayi, timipira 8 tofiira, 8 tobiriwira ndi 8 tapepo, tonse tofanana msinkhu.

Musanagule kapena kupaka utoto, funsani kaye pabanjapo ngati alipo amene amavutika kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Vuto limeneli la maso limapezeka kawirikawiri mwa amuna kuposa akazi, ndipo mwana amene ali nalo angamagonje ulendo uliwonse osadziwa chifukwa chake. Zikatero sankhani toyera, takuda ndi tachikasu. Masewera sasintha m'pang'ono pomwe.

Machubu mupange ndi paipi yapulasitiki yooneka mkati. Chibowo chake chikhale chachikulu pang'ono chabe kuposa kampira: kampira ka mamilimita 16 kamayenda bwino m'paipi ya mamilimita 18 kapena 19. Ikathina, kampira kamakakamira pakati. Ikatakasuka kwambiri, timipira timakhala mopingasa n'kumatsekerezana, ndipo potsanula timatuluka tiwiri nthawi imodzi. Kutalika kwa mkati kukhale masentimita 7, kuti mulowe timipira tinayi koma kachisanu kasowe pokhala.

Paipi yotereyi imabwera yopindika chifukwa imasungidwa yokulunga. Dulani zidutswa zanu, ziviikeni m'madzi otentha, lowetsani kamtengo kowongoka mkati mwa chilichonse, n'kuzisiya zizizire. Mbali imodzi mutseke ndi chitsekerero cha botolo chomatidwa ndi guluu. Chitsekererocho ndicho phazi la chubu. Mbali inayo, kukamwa, muisamale kwambiri. Dulani mowongoka ndi mpeni wakuthwa, palani ndi sandipepa, kenaka imikani chubucho mozondoka patebulo. Chikapendama, dulaninso. Mudzaona kutsogoloku chifukwa chake chiyenera kutha kuima chozondoka. Machubu agalasi a ku labotale musawagwiritse ntchito: pansi pake ndi pozungulira, saima okha, ndipo m'manja mwa anthu othamangitsana amasweka.

Makhadi mudule pa pepala lolimba kapena katoni. Pa khadi lililonse jambulani machubu atatu ndi timipira take, ndipo kumunsi kwa khadi mulembe mzere wokhuthala wosonyeza kuti pansi ndi uku. Njira yachidule yopezera zojambula ndi kungoponya timipira mwachisawawa m'machubu n'kujambula zimene zatuluka. Mukamaliza khadi, liwerengeni: timipira 6, mtundu uliwonse tiwiri, palibe chubu chopitirira tinayi. Khadi lolakwika limodzi lokha limakhumudwitsa tebulo lonse, chifukwa anthu amalimbana ndi chinthu chosatheka.

Zojambula sizingakuthereni. Timipira 6 ta mitundu itatu tingandandalikidwe m'njira 90, ndipo pali njira 19 zotigawira m'machubu atatu olowa tinayi. Mukachulukitsa mupeza 1,710. Zambiri mwa zimenezi n'zofanana, kungoti machubu asinthana malo, koma mukachotsa zobwerezazo zimatsalabe 300. Makhadi 30 ndi okwanira poyambira. Chofunika n'chakuti musakanize magawidwe onse asanu a timipira m'machubu atatuwo: 2-2-2, 3-2-1, 3-3-0, 4-1-1 ndi 4-2-0. Mulu wa makhadi a 2-2-2 okhaokha umatopetsa msanga.

Ngati m'nyumbamo muli mwana wosakwana zaka 3, timipirati tisamufike. Tingamutsamwe.

Gawo lachiwiri: tebulo ndi malamulo

Yalani thaulo kapena nsalu yokhuthala patebulo. Imaletsa timipira togwa kugubudukira kutali, imachepetsa phokoso, ndipo chubu chozondoka chimaima bwino pansalu kusiyana ndi pathabwa loterera. Aliyense aike timipira tiwiri tofanana m'chubu chilichonse: tofiira kumanzere, tobiriwira pakati, tapepo kumanja.

Ganizirani za kakhalidwe. Amene wakhala moyang'anizana ndi wovundukula khadi amaliona mozondoka, ndipo pa masewera amene pansi ndi pamwamba ndiye nkhani yonse, kumeneko n'kumupondereza. Mwina mukhale mbali ziwiri zoyandikana za tebulo n'kutsamiritsa khadi pa kapu kuti onse alione litaima, apo ayi muzisinthana wovundukula ulendo uliwonse. Wovundukulayo atembenuze khadi molozetsa kwa anzake kuti asayambe iye kuliona. Manja onse akhale patebulo mpaka khadi litaoneka. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Malamulo ake ndi ochepa. Kampira kamachoka m'chubu kulowa m'chubu china basi. Simukagwira ndi chala, simukatsekera ndi chikhatho, simukaika patebulo. Mukagwetsa kampira, ulendo umenewo mwatuluka, mudikira khadi lotsatira. Kusinthanitsa malo a machubu patebulo n'kololedwa. Kuimika chubu mozondoka n'kololedwanso. Mukamaliza, imikani machubu onse atatu, chotsani manja, fuulani kuti "Eureka!" Wokhala kumanzere kwanu awerenge mokweza kuchokera pansi kukwera m'mwamba, chubu ndi chubu. Zikafanana, tengani khadi. Zikalakwika, mwatuluka ndipo enawo apitirize pamene analekezera. Woyamba kusonkhanitsa makhadi asanu wapambana.

Pakati pa maulendo pali njira ziwiri. Mukhoza kubwezeretsa timipira monga poyamba, tiwiritiwiri, kapena kutisiya mmene tilili n'kuyambira pomwepo. Masiku oyambirira bwezeretsani, kuti onse azilimbana ndi funso limodzi ndipo muzitha kuphunzitsana. Mukazolowera, tisiyeni. Pamenepo m'pamene masewera amakoma, chifukwa palibe amene angaloweze mayankho pamtima.

Gawo lachitatu: kuphunzitsa manja

Musanayambe kupikisana, tengani mphindi khumi muli nokha. Gwirani chubu chilichonse chakufupi ndi kukamwa, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mukagwira kuphazi, kukamwa kumanjenjemera ndipo milomo ya machubu siikumana bwino. Zigongono zitsamire patebulo.

Gundanitsani milomo ya machubu awiriwo musanapendeketse chilichonse. Chubu cholandira chikhale chopendekeka, kukamwa kuli m'mwamba. Kenaka kwezani phazi la chubu chopereka pang'onopang'ono mpaka kampira kapamwamba kayambe kugubuduka. Kakangodutsa pamlomo, tsitsani phazilo msanga kuti kotsatira kabwerere. Kutsitsa kumeneku ndiye luso lenileni. Kutulutsa kampira aliyense amatha. Kuletsa kachiwiri n'kumene kumavuta.

Mudzaona kuti chubu chodzadza ndi chubu cha kampira kamodzi sizitsanulika mofanana. Chikadzadza, kampira kapamwamba kali kale pamlomo, kungopendeketsa pang'ono katuluka. Kakakhala kokha pansi, kali ndi ulendo wautali, kamafika pamlomo kali paliwiro, ndipo ngati milomo yatalikirana ngakhale pang'ono kamadumphira pansi. Timipira tambiri timagwa pamenepa, munthu akuganiza kuti kamodzi n'kosavuta.

Yesezani motere. Kampira kamodzi, uku ndi uku, maulendo 20 osagwetsa. Kenaka ikani tiwiri m'chubu n'kumadutsitsa kamodzi kokha. Kenaka ikani titatu n'kumadutsitsa tiwiri ndendende. Chitani zimenezi mbali zonse ziwiri, kuchoka kumanja kupita kumanzere ndiponso kuchoka kumanzere kupita kumanja. Anthu ambiri amazolowera kutsanula ndi dzanja limodzi, ndiye pamasewera amataya nthawi kusinthanitsa machubu m'manja.

Gawo lachinayi: kuwerenga khadi

Apa ndipo pagona mtima wa masewerawa, choncho ndichedwapo.

Chubu chili ndi khomo limodzi. Kampira kolowa komaliza ndi kamene kamatuluka koyamba, ndipo kapansi sikangasunthe mpaka tonse ta pamwamba pake titachoka. Pa mfundo imeneyi pakutuluka zinthu ziwiri. Choyamba, khadi muziliwerenga kuchokera pansi, chifukwa kukonza kampira kapamwamba n'kutsanula kamodzi, koma kukonza kapansi n'kugumula chubu chonse. Chachiwiri, mukatsanula timipira tingapo motsatizana timatembenuka: kamene kanali pamwamba kamakakhala pansi.

Okonda masamu azindikira fungo la Tower of Hanoi, mwambi wa mbale zosanjikiza pa timitengo titatu umene katswiri wa masamu wa ku France, Édouard Lucas, anautulutsa mu 1883. Uko nako chapamwamba chokha ndi chimene chimasuntha, ndipo mbale zitatu zimafuna kusuntha kasanu ndi kawiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mnzanu wapambali sakudikirani.

Khadi likavundukuka, dzifunseni mafunso awa musanakweze chubu. Pakhadi, pansi pa chubu chilichonse pali mtundu wanji? Pa machubu anga, ndi chiti chimene pansi pake pali kale mtundu umenewo? Poti machubu amaloledwa kusinthana malo, musamangike ndi zoti chakumanzere chanu chiyenera kukhala chakumanzere cha pakhadi. Chipatseni ntchito imene chayandikira kale. Kenaka funsani kuti kampira kotsekereza ndikasungitsa kuti. Malo onse ndi 12, timipira ndi 6, choncho nthawi zonse malo 6 ndi opanda kanthu. Malo osungitsa sasowa. Chimene chimasowa ndi kusankha bwino, ndipo lamulo lake ndi lakuti musasungitse kampira pamwamba pa kamene mukufuna kukasuntha posachedwa. Pabwino posungitsa ndi pamwamba pa chubu chimene chatha kale.

Tiyeni tione zitsanzo. Tengani machubu anu muzichita nawo, chifukwa kungowerenga sikulowa. Ndizitchula timipira kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo nthawi zonse tikuyambira pa tofiira kumanzere, tobiriwira pakati, tapepo kumanja.

Khadi loyamba likufuna chubu chimodzi cha tinayi (kobiriwira, kofiira, kofiira, kobiriwira), china cha tapepo tiwiri, china chopanda kanthu. Chakumanja chatha kale. Pansi pobiriwira tili napo m'chubu chapakati, kungoti kobiriwira kachiwiri kakutsekereza. Kasungitseni kumanja, pamwamba pa tapepo. Tsanulirani tofiira tonse tiwiri pakati. Bwezerani kobiriwira kaja pamwamba pake. Mwatsanula kanayi, mwatha.

Khadi lachiwiri limaoneka lophweka koma limasokoneza ambiri. Likufuna kofiira ndi kobiriwira, kobiriwira ndi kapepo, kapepo ndi kofiira. Tapansi tonse tili kale m'malo mwake. Tapamwamba titatu tokha ndi timene tikufunika kuzungulira. Vuto n'lakuti kalikonse kamene mungayambe kusuntha kakagwera pamwamba pa kanzake kofunikanso kusuntha. Chitani chonchi. Kofiira kapamwamba kachoke kumanzere kapite kumanja. Kobiriwira kachoke pakati kapite kumanzere, chakumanzere chatha. Tsopano kofiira kaja kakutsekereza kapepo, ndiye kasungitseni pa chubu chakumanzere chimene chathacho. Kapepo kapite pakati. Kofiira kabwerere kumanja. Kasanu. Onani kuti kofiira kamodzi kayenda katatu konse. Wophunzira amaona ngati akubwerera m'mbuyo pochotsa kampira pamalo pamene kanali katafika kale, ndipo amazengereza. Musazengereze, njira yake ndi yomweyo.

Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 9, ndi amene anandithandiza kuona bwino zimenezi. Khadi likavundukuka, tebulo lonse limangoti gobedegobede, iye ali duu, zikhatho pansalu, milomo ikugwedera ngati akuwerenga chamumtima. Kenaka amakweza machubu awiri, kutsanula kanayi kapena kasanu mosadodoma, n'kuwaimika. Tsiku lina nditamufunsa chimene amayang'ana nthawi imeneyo, anati, "Amalume, ndimayamba ndapeza timipira timene sitisuntha." Yankho limenelo ndalisunga. Mukadziwa tosasuntha, totsala timakhala titatu kapena tinayi, ndipo mutu umatha kutinyamula bwinobwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pano kudekhako ndi kwa masekondi atatu okha, koma popanda iko manja amangotsanula n'kumabwezanso.

Chenjezo limodzi: musayese kulingalira njira yonse mpaka kumapeto ngati khadi ndi lovuta. Pezani tosasuntha, pezani kusuntha kuwiri koyamba, yambani. Zotsalazo zimaoneka zokha machubu akayamba kufanana ndi chithunzi. Woganiza mopitirira muyeso nayenso amapeza khadi litapita.

Gawo lachisanu: kuzondotsa chubu

Nthawi zina mumapeza kuti chubu chili ndi timipira toyenera koma motembenuka: muli ndi kapepo, kobiriwira, kofiira, pamene khadi likufuna kofiira, kobiriwira, kapepo. Ngati pali chubu chopanda kanthu, kutsanulira tonse mmenemo kumatitembenuza, koma ndi kutsanula katatu. Kuzondotsa chubu ndi kamodzi kokha, ndipo sikufuna chubu chopanda kanthu.

Kachitidwe kake ndi aka. Tsitsani chubu pafupi ndi nsalu, chigoneke chopingasa koma kukamwa kutakwera pang'ono kuti timipira tisayambe kuyenda. Gunditsani mlomo wam'munsi pansalu. Kenaka kwezani phazi mwachangu, kamodzin'kamodzi, mpaka kukamwa konse kuvundikire nsalu. Pangozi ndi poyambirira pa kukwezako, chifukwa chubu chikapendekeka pang'ono chabe, mpata wa pakati pa mlomo wam'mwamba ndi tebulo umakhala waukulu moti kampira kamatuluka. Chikaimirira ndithu, mpatawo umachepa ndipo kampira kamatsekeredwa. Choncho wochita mwamantha, pang'onopang'ono, ndi amene amagwetsa. Muzondotse pomalizira penipeni, popeza chubu chozondoka sichilandira kapena kupereka kanthu. Ulendo ukatha, mukhoza kuchitembenuza mothandizidwa ndi dzanja.

Kodi n'koyenera nthawi zonse? Tiyeni tiyese ndi khadi lachitatu, limene likufuna kofiira, kobiriwira, kapepo m'chubu chimodzi. Kapepo, kofiira, kobiriwira m'china. Chachitatu chopanda kanthu.

Njira yozondotsa: kofiira kachoke kumanzere kakasungidwe kumanja, kobiriwira kachoke pakati kapite kumanzere, kofiira kaja kapite pakati, kenaka kapepo kamodzi kumanzere, kena pakati. Chakumanzere chatha. Chapakati chili ndi kobiriwira, kofiira, kapepo, chizondotseni. Kutsanula kasanu ndi kuzondotsa kamodzi.

Njira yosazondotsa: kapepo kachoke kumanja kapite pakati, kofiira kachoke kumanzere kapite kumanja, kapepo kaja kasungidwe kumanja, kobiriwira kapite kumanzere, kapepo kapite kumanzere, kobiriwira kotsala kapite kumanja. Kutsanula kasanu ndi kamodzi.

Ziwirizi n'zofanana kutalika, ndipo pamenepa ine ndimasankha yosazondotsa, chifukwa kugwetsa kampira kumakutulutsa ulendo wonse pamene kutsanula kowonjezera kumangodya sekondi imodzi. Kuzondotsa ndimakusungira pamene kukupulumutsa kusuntha kuwiri kapena kuposerapo. Komabe kuphunzireni, ngakhale mutamakugwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, chifukwa kumasintha kawerengedwe ka khadi. Wodziwa kuzondotsa amayang'ana chubu chilichonse cha pakhadi mbali zonse ziwiri, ndipo kampira kapamwamba nako kamasanduka poyambira. Chubu chofanana mbali zonse, monga chija cha kobiriwira, kofiira, kofiira, kobiriwira, kuchizondotsa sikusintha kanthu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kusewera ndi ana, ndi mikangano

Wamkulu akamapambana makhadi onse, mwana amasiya pakutha pa mphindi zisanu ndipo mawa lake safunanso. Koma musagonje mwadala. Ana amazindikira msanga, ndipo khadi lopatsidwa mwachifundo silikoma. M'malo mwake sinthani malamulo poyera, onse akumva. Wamkulu aziwerenga mokweza mpaka 5 asanagwire chubu, koma atatseka maso, apo ayi nthawi yowerengayo imakhala yomuthandiza kuganiza. Kapena wamkulu afunike makhadi 7, mwana atatu. Wamng'ono kwambiri mumulole kutola kampira kogwa n'kukabwezera m'chubu chimene kanachokera. Akayamba kupambana kawirikawiri, chotsani chithandizo chimodzi, ndipo mumuuze kuti mwachichotsa chifukwa wakula pamasewerawa.

Mwana akamagwetsa pafupipafupi, kumuuza kuti achepetse liwiro sikuthandiza kwenikweni. Yang'anani manja ake. Kawirikawiri mupeza kuti wagwira kuphazi, kapena akupendeketsa milomo isanagundane. Konzani chimenecho chokha.

Mikangano imene imabuka ndi iwiri. Woyamba ndi wa anthu awiri ofuula nthawi imodzi. Musataye nthawi kutsutsana. Bwezerani khadilo pansi pa mulu, vundukulani lina. Wachiwiri ndi wa munthu wofuula machubu adakali m'manja. Gwirizanani musanayambe kuti "Eureka" imawerengedwa pokhapokha machubu onse ataima ndipo manja atachoka. Zikachitika kuti onse agwetsa, khadilo nalo libwerere pansi pa mulu.

Pali kaseweredwe kena kamene ndimakakonda kwambiri banja likatopa ndi kuthamangitsana. Onse ayambire pofanana, vundukulani khadi, koma wina aliyense asagwire chubu. Aliyense aganize, kenaka anene kuti angamalize mwa kusuntha kangati. Wotchula nambala yochepa aonetse, enawo akuwerenga. Akakwanitsa, khadi ndi lake. Akalephera, wotsatira ayese. Kaseweredwe aka kamapatsa mpata agogo amene manja awo sathamanganso, ndipo kamaphunzitsa kuwerenga khadi kuposa malangizo alionse amene ndingalembe. Mukabwerera ku mpikisano waliwiro, mudzaona kuti aliyense akutsanula mochepa kusiyana ndi kale.

Mukhozanso kusewera awiriawiri, wina akuona khadi n'kumalangiza ndi pakamwa pokha, mnzake akutsanula osaliona. Ana amaphunzira kunena zinthu momveka, monga "kofiira kapamwamba kapite m'chubu chapakati", m'malo mwa "ako, uko!" Ndipo mukakhala nokha, tengani makhadi khumi ndi wotchi, lembani nthawi imene mwatha, mawa muyesenso.

Mukamaliza kusewera, werengani timipira musananyamuke: 8, 8, 8. Kakasowa kamodzi, kafunefuneni nthawi yomweyo pansi pa tebulo ndi m'mphepete mwa khoma, kasanapezedwe ndi mwana wokwawa kapena phazi la munthu usiku. Timipira tisungeni m'kathumba komanga pakamwa, makhadi muwamange ndi labala, machubu muwaimike pamalo osafika dzuwa, chifukwa pulasitiki ikatenthedwa imapindikanso.